Sitampa Yoguluka Mano

Lolemba, 7 Okutobala 2024

Kutentha. Pampopi madzi kulibe kuyambira dzulo. Masabata atatu chiwaikireni bambo m'manda.

Lero tatsegula chipinda chawo, ine ndi achimwene a Dunstan. Loweruka likubwerali ndi tsiku logawa katundu, ndiye akuti zonse zikhale poyera, abale a bambo asadzati tabisa kanthu. Masuti awiri. Wailesi. Njinga yakapalasa ija anabwera nayo kuchokera ku Halale kalekale. Nsapato zimene ndinawagulira ine, sanavalepo. Fungo lawo likadali m'chipindamo. Ndinatuluka kawiri ngati ndikukatunga madzi, chikhalirecho madziwo kulibe.

Koma Loweruka nkhani si masuti. Nkhani ndi nyumba ino. Eddie, mphwawo wa bambo, mwana wa mlongo wawo, wayamba kale kuzungulira kuseri, kuyeza mpanda ndi mapazi. Akuti mwa chikhalidwe za amalume amadya ndi mphwawo, ndipo nyumba ya ku Sadzi masiku ano ndi ndalama, igulitsidwe aliyense aone pake. Ine zaka 11 muno, kuchapa, kuphika, kuwatembenuza bambo pabedi. Amuna anga anamwalira. Nyumba ya sukulu ndinabweza nditapuma ntchito. Ndi zaka 62 ndilowere kuti? Achimwene pa nkhaniyi ali duu, ndipo kukhala chete kwawoko sikukundisangalatsa.

Buku la nyimbo lokha ndiye palibe angalimbirane. Bambo ananena okha anthu akumva kuti limenelo ndi la Dyna. Chikuto anachimata ndi nsalu ya khaki. Mkati mwa chikutomo analembamo maina athu ndi masiku obadwa, ankatiwerengera okha buku lili m'manja mwawo. Pa achimwene analemba dzina lokha, pa ine analemba kuti Dyna, mwana wanga. Tili ana ndinkawanyadira nazo achimwene mpaka kuwaliza.

Pamenepo, pambali pa dzina langa, panali kasitampa. Kofiira, nkhope ya mfumukazi, 3d, Rhodesia & Nyasaland. Chidindo chakuda chadutsa pachibwano. Kakhalitsa pamalopo mpaka kasiya banga lake papepala. Bukuli bambo sankalola munthu kuligwira, n'chifukwa chake sindinakaonepo.

Koma m'mphepetemo! Sitampa timaidziwa tonse, imakhala ndi timano kuzungulira konse. Iyi mbali zitatu n'zosalala. Mano ali mbali imodzi yokha, kumanzere.

Ndinawaonetsa achimwene ndikuseka. Iwo sanaseke. Nkhope inasintha, dzanja lafika kale. "Bweretsani ndikataye, n'chinyalala chimenecho." A Dunstan kutaya chinthu? Munthu wowongola misomali yakale n'kumasunga m'chitini? Ndinafumbata. Atatuluka anabwereranso pakhomo kudzanena kuti ndisavutike n'kuonetsa anthu.

Ili mu envulopu. Envulopu ili m'thumba la bulauzi ya Mvano.

Lachiwiri, 8 Okutobala

Madzi abwera, amatope. Ndagula bandulo, m'mawa wonse pakhonde ndi foni. Magalasi awiri pamphuno, anga ndi a bambo.

Kunjaku anthu ali ndi misala yawo, eti. Kuli azungu amasonkhanitsa masitampa mmene ena amawetera nkhunda. Ndipo imene amaifunitsitsa ndi yolakwika. Makina oboola timabowo tija akaphonya, sitampa n'kutuluka yopanda mano, imeneyo ndiye amaphana nayo. Ina ndinaona mtengo wake, maziro ndinawerenga katatu. Ndaphunzitsa masamu zaka 34, ine maziro sandisokoneza. Nditasintha kupita ku makwacha ndinavula magalasi onse awiri. Theka lake lokha, Eddie ndingamupatse gawo lake m'manja n'kumuuza kuti mpanda wanga asadzaupondenso.

Yofanana ndendende ndi yangayi sindinaipeze. Zopanda mano mbali imodzi zilipo. Mbali zonse zinayi, zilipo. Mbali zitatu, ayi. Ndiye kuti mwina ndi yokhayi? Dyna, ugwire mtima.

Achimwene aimba kawiri. Munthu amene chaka chonse amangofulasha. Koyamba za mipando ya Loweruka. Kachiwiri za mipando yomweyo, kenako ngati akumbukira kumene, kodi kanthu kaja mwataya? Ndinati ndaika penapake, ndaiwala. Kenako akuti makamaka amayi aang'ono musawaonetse, akalamba, zakale zimawadwalitsa.

Amayi aang'ono a Modester, mng'ono wawo wa malemu amayi. Ali ku Songani uko, zaka 84, amalima okha, nzimbe amasenda ndi mano. Amenewo adwale chifukwa cha sitampa? Anamize wina. Pali chimene achimwene akudziwa.

Ndaichotsa mu bulauzi. Alamu anga, akazi awo a achimwene, amadziwa kumene ndimapachika yunifolomu. Tsopano ili m'chitini cha mabatani, pansi penipeni.

Lachitatu, 9 Okutobala

Abwera okha, 7 koloko m'mawa, wapansi kuchokera ku Likangala, ndi phava la nthochi. Zaka zonsezi a Dunstan sanalowepo muno ndi kanthu m'manja kupatula chipewa.

Tiyi anamwa. Maso mwazumwazu, pashelefu, pakabati, pa buku la nyimbo. Kenako malonda anayamba. Akuti njinga ya bambo inali yoti atenge iwo, koma basi nditenge ine, ndi wailesi yomwe, iwo angotengako kapepala kaja ka chikumbutso. Lolemba chinali chinyalala, lero chasanduka chikumbutso. Njinga imene akhala akuilakalaka chiyambire ali mnyamata, imene bambo ali moyo ankangobwera kudzaithira oilo n'kuiimikanso! Ndinafunsa kuti kodi kapepalako kali ndi chiyani.

"Palibe, achemwali. Kungoti zinthu zina n'zosafunika kuzitokosa." Anatero maso ali m'kapu.

M'kati ndikuwira, kunja ndikuseka. Ndinati ndiganize kaye.

Zikundiwawa, ndisaname. Mwa ana onse a amayi tatsala awiri. Ndi munthu amene ankandibereka kumsana mtsinje ukadzaza popita kusukulu. Lero andichenjerere ine? Mwina apangana ndi Eddie. Nyumba igulitsidwe, sitampa atenge iwo, Dyna akachite lendi kachipinda ku Chikanda pakati pa ana asukulu ndi mawailesi awo. Nanga n'chifukwa chiyani za nyumba sakunenapo ngakhale liwu limodzi?

Nthochi zawo ndaika pamwamba pa kabati. Sindidya.

Mayi wina wa ku Mvano wandiuza za a Raymond. Amagulitsa miyala yonyezimira ndi zosema kwa alendo pamwamba paphiri, akuti amasunganso masitampa ndi makobidi akale, Zomba yonse wodziwa zimenezi ndi iwo okha. Ndipita mawa. Mayiyo ndamuuza kuti ndikufunsira mwana wa mnzanga.

Chitini cha mabatani ndasintha. Ili m'kati mwa pilo.

Lachinayi, 10 Okutobala

Njinga yamoto mpaka pamwamba, K4,000 kupita kokha. Msewu wokhotakhota, ine maso otseka, chikwama pachifuwa. Kumwambako kuzizira ngati Juni. Fungo la paini. Ogulitsa masitiroberi kundithamangira ngati ndine mzungu.

A Raymond. Wamtali, ndevu za imvi, jekete lachikopa, ulemu wochita kupitirira. Ndisanatchule dzina langa akuti kodi si inu mlongo wawo wa a Dunstan Namakhwa? Andidziwa bwanji?

Ntchito yokha amaidziwa, ndivomere. Sanaigwire ndi zala, anaipana ndi kachitsulo. Padiso kagalasi kamene amayang'anira miyala. Anaitembenuza, anaiyang'ana padzuwa, nthawi yaitali ndithu. Kenako anatulutsa buku lawo pansi pa tebulo, n'kutsegula. Sitampa yomweyi, zinayi pamzere, mano onse ali gwa. Akuti iyi ndi ya nthawi ya chitaganya, inasindikizidwa yambirimbiri, wotumiza kalata aliyense ankamata yomweyi. Chidindo anandiwerengera: Salisbury, Juni 1960. Yathunthu amagulitsa K500, ndipo alendowo amachita kunenerera.

Ndinati nanga mano? Akuti yotuluka choncho kumakina imakhala ndi m'mphepete motakata, mowongoka ngati mwa rula, chifukwa malo amene pakanakhala timabowo amatsalira. Anaiika yanga pamwamba pa inzake. Yachepadi. Anandipatsa kagalasi kuti ndione ndekha. Tizitsa ting'onoting'ono m'mbali zonse zitatu, tosafanana, tina tokhota.

"Amayi, uyu anadula ndi lezala, dzino limodzilimodzi. Ndipo sanadule tsiku limodzi. Onani, apa lezala inali yakuthwa, apa inali itabuntha."

Mtengo wake, palibe. Akuti singagule ndi bokosi la machesi lomwe.

Ndinakhala pabenchi. Mpanda wanga, Eddie, maziro aja, zonse phwa. Ndikulongedza kuti ndizipita, a Raymond akhosomola. Akuti komabe poti mwavutika kukwera phiri, muisiye, ndikupatsani K50,000.

Fifite sauzande! Chinthu chosagula machesi! Ndinawayang'ana mmene ndinkayang'anira mwana wobera mayeso, mpaka anayang'ana kumbali. Ndinafunsa kuti a Dunstan anakuimbirani liti. Anakanda ndevu. Lachiwiri. Akuti anangowauza kuti mlongo wanga akabwera ndi kasitampa mukagule, ndalamayo apereka iwo. Chifukwa chake akuti sakuchidziwa. Kaya.

Ndinagula imodzi yathunthu ya K500, ndikaone ndekha popanda wondilozera. Njinga ndinaikana, ndinatsika wapansi mpaka theka la njira ndi ukali wokhawokha. Mawondo akundilanga tsopano.

Madzulo, dzuwa lisanalowe.

Ziwiri zonse patebulo, pa nsalu yoyera. Ndajambula ndi foni, ndakuza chithunzi. Ndawerenga ndi nsonga ya singano. Yathunthu: pamwamba 14, pansi 14, m'mbali 16 ndi 16. Onse pamodzi 60. Yanga yatsala ndi 16. Odulidwa 44. Tizitsato tikuonekadi. Pamenepo a Raymond sananame.

Ndiye ngati sitampayo payokha si kanthu, achimwene akuifuniranji mpaka njinga, mpaka K50,000 imene alibe? Ndiye kuti nkhani ili pa chidindo. Salisbury, Halale wa masiku ano. Bambo anali kukhala kumeneko nthawi imeneyo, akuphika mu hotela. Ine ndisanabadwe. Anabwerako kamodzi patchuthi, Khrisimasi ya 1961, ine n'kubadwa Seputembala 1962. Chaka chilichonse pa tsiku langa lobadwa ankaifotokoza nkhani imeneyi, ati iwe ndiwe katundu amene ndinasiya pa Khrisimasi. Nanga ku Halaleko anasiyako chiyani? Nyumba? Penshoni? Mkazi wina ndi ana? Kapena kuli puloti imene achimwene akufuna kukadya okha, sitampayi ndiye umboni wake.

Ndalemba papepala zokanena Loweruka. Choyamba, anafuna kuitaya. Chachiwiri, anandiletsa kuonetsa amayi aang'ono. Chachitatu, njinga. Chachinayi, anatuma munthu kuti andigule mwakabisira. Ndidzaiika patebulo pamaso pa ankhoswe, pa Eddie, pa onse, ayankhe okha. Akachita manyazi achite. Ine andiyamba dala.

Mawa ku Songani. Chimene andiletsacho ndiye ndikachite.

Lachisanu, 11 Okutobala

Ndilembe mwadongosolo, mwina mutu ukhazikika.

Minibasi inachedwa kudzaza. Ndinafika cha m'ma 10. Amayi aang'ono ndinawapeza pansi pa mango, akupeta nandolo. Shuga ndi sopo ndinapereka. Malonje, za maliro, za mawondo. Kenako ndinamasula mpango, ndinawaika sitampa pachikhatho.

Anaiyandikiza kumaso, n'kuseka mpaka kutsokomola. "Iii, kalendala ya a Rute! Ikadalipo?"

Amayi anga ndiwo a Rute. Amayi aang'ono anafotokoza uku akupeta, mosangalala, ngati nkhani ya ukwati. Akuti kalata ya sitampa imeneyi inali yomaliza. Anawawerengera ndi aphunzitsi a pamishoni, bambo analemba kuti ndikubwera posachedwa. Kuchokera apo zii. Kalata ayi, ndalama ayi, uthenga ayi. Anthu m'mudzi anayamba kunena kuti Yesaya, kunena bambo, watchona, sabweranso. Amayi sankadziwa kuwerenga, kalendala m'nyumba munalibe. Ndiye anamatula sitampayo ndi nthunzi ya ketulo, n'kuisunga m'kachitini ka mafuta odzola. Mwezi watsopano ukangooneka kumadzulo, ankatenga lezala n'kudula dzino limodzi. Ankati mano akadzatha ndiye kuti ukwati watha, ndidzapita kwa ankhoswe akandimasule. Akuti amayi aang'onowo ndi amene ankaona mwezi msanga, n'kuthamanga kukawauza kuti achemwali, wakhala uko, tengani lezala.

Mbali yoyamba inatha. Yachiwiri. Yachitatu. Itatsala imodzi, mvula ili pakati, chimanga chitamasula, anangoona munthu akubwera akukankha njinga yatsopano, sutikesi pakaliyala.

Ndinaseka nawo. Mtima unapepuka. Puloti ya ku Halale, mkazi wina, zonse za m'mutu mwanga. Ndinati ndiye achimwene amabisiranji nkhani yokoma chonchi?

Koma uphunzitsi ndi matenda. Pakamwa ndikuseka, mutu ukuwerenga wokha. Mano 44, miyezi 44. Zaka zitatu ndi miyezi isanu ndi itatu. Kuyambira Julaye 1960, dzino lomaliza likugwera Febuluwale 1964. Chimanga chitamasula, zoonadi. Palibe mwezi wodumpha.

Ndinafunsa mwachisawawa, ndikutola nandolo wogwa pamphasa. Ndinati nanga bambo atabwera pa Khrisimasi ya 61 paja, amayi anapitiriza kudula?

"Khrisimasi yake iti?"

Anatero basi. Kenako lichero linaima m'manja mwawo. Anandiyang'ana, anayang'ana sitampa, anatseka pakamwa ndi nsonga ya chitenje. Nkhuku zinafika mpaka pamphasa kudzajompha nandolo, palibe anaziingitsa.

Ndinabadwa pa 20 Seputembala 1962. Bambo anachoka 1960 isanafike, anabwera 1964. Sipafunika mphunzitsi wa masamu.

Ndinawafunsa kawiri. Akuti iwo amayesa ndinauzidwa kale, ndine munthu wamkulu, wa zidzukulu. Akuti pakamwa pawo pawapachika. Zotsalazo akuti ndikafunse achimwene anga, anali pomwepo tsikulo, ndi amene anagwirizira njinga.

M'minibasi kondakitala anandifunsa katatu kumene nditsikire. Ndinapitirira siteji yanga, ndinakatsikira kumsika, n'kubwerera wapansi.

Pepala la milandu inayi lija likadali m'chikwama. Msonkhano ndi mawa 9 koloko. Mipando yabwera kale.

Lamulungu, 13 Okutobala

Kutchalitchi sindinapite. Ndinavala, ndinakhala pabedi. Nyimbo zimamveka mpaka kuno.

Pagalasi ndayang'ana mphuno yanga nthawi yaitali. Anthu ankati ndi ya bambo.

Lachiwiri, 15 Okutobala

Tsiku la anakubala. Ana anga aimba foni onse atatu, wina watumiza chitenje. Ndayankha bwinobwino, sanazindikire kanthu.

Za Loweruka ndilembe lero.

Anthu anadzaza pakhonde mpaka pabwalo. Ankhoswe a mbali zonse ziwiri. Amayi aang'ono anabwera ndi minibasi yoyamba, anakhala kumapeto kwa mphasa, maso pansi tsiku lonse. Masuti anagawa, wailesi, mbale, makasu. Kenako Eddie anaimirira, kabuku m'manja, mtengo wa nyumba anafufuza kale. Analankhula nthawi yaitali za chikhalidwe, za amalume ake, za mmene ana amakhalira ndi kwawo kuchikazi.

Achimwene anaimirira pang'onopang'ono, chipewa m'manja. Sindinawamvepo akulankhula chotero pagulu. Anati bambo asiya ana awiri, ine ndi mlongo wangayu. Nyumba anamanga ndi thukuta lawo m'tauni, si ya pamudzi. Akhalamo ndi achemwali mpaka Mulungu adzawaitane, gawo langa ndawasiyira, ndipo amene sakugwirizana nazo tinyamukire limodzi kwa a DC Lolemba. Eddie anayamba kung'ung'udza kuti ndiye mphwawo apite chimanjamanja? Achimwene analowa m'nyumba, anatuluka akukankha njinga, anamugwiritsa m'manja. Anaipukuta kaye chishalo ndi chipewa chawo.

Ankhoswe anafunsa ngati alipo wina ali ndi mawu kapena dandaulo. Anayang'ana ine, poti ndinali nditawauza kale Lachinayi pafoni kuti ndili ndi nkhani yaikulu. Chikwama chili pamiyendo, pepala ndi sitampa zili momwemo. Ndikanapanda kupita ku Songani, ndikanaiika patebulo paja. Amayi aang'ono akanafuula kuti kalendala ya a Rute, anthu onse akumva. Ndipo Eddie, munthu woyeza mpanda ndi mapazi, sakanalephera kuwerenga mano a sitampa. Ndikanadzitulutsa ndekha m'nyumba muno ndi pakamwa panga.

Ndinati palibe, zonse zayenda bwino.

Anthu atabalalika tinatsala awiri, tikusanja mipando. Ndinangoti ndinapita ku Songani. Anaika mpando pansi n'kuukhalira. Sanandikalipire. Ndikanakonda akanandikalipira.

Akuti anali ndi zaka zisanu ndi ziwiri. Ine ndinali nditayamba kuyenda, ndagwira chitenje cha amayi, kamimba pamtunda. Bambo anaima pabwalo, anandiyang'ana, anayang'ana amayi. Anthu anayamba kusonkhana kuti aone ndewu. Amayi sanathawe, sanalire. Analowa m'nyumba, anatuluka ndi kachitini, anawaika bambo sitampa pachikhatho. "Werengani nokha." Bambo anakhala pa sutikesi yawo, anawerenga tizitsato ndi chikhadabo, kamodzi, kawiri. Akuti anakhala pamenepo mpaka oonerera anatopa. Kenako anaiika m'thumba la malaya, n'kunena kuti wolakwa pano ndi amene anasiya kulemba makalata. Anandinyamula. Ndinalira, ndinawakanda kumaso, sananditsitse.

Chaka chomwecho anapeza ntchito ya umesenjala kuno ku Zomba, anatisamutsa kumudzi kuti ndikule kutali ndi pakamwa pa anthu. Abale a bambo anali kutali, kuseri kwa phiri, sankadziwa za miyezi. Khrisimasi ija anaipeka okha. Achimwenewo bambo anawauza kamodzi kokha, panjira yobwera kuno, kuti ukadzamuuza mlongo wako si iwenso mwana wanga. Zaka 60 munthu atatseka pakamwa. Ine n'kumawanyadira kuti pa dzina langa analemba mwana wanga, pa lanu ayi. Iwo n'kumangolira, osayankha.

Ndinafunsa za K50,000. Akuti akanagulitsa mbuzi.

Pepani sindinanene. Ndinangowathandiza kunyamula mipando mpaka pamsewu.

Pepala la milandu ndasonkhezera mbaula. Sitampa yathunthu ya a Raymond ili pawindo, kaya ndiitani nayo. Yanga ndaibwezera m'buku la nyimbo, pa banga lake, yakwana ndendende. M'mawa uliwonse wa moyo wanga bambo ankatsegula buku limeneli tisanamwe tiyi. Chikuto chikatseguka, choyamba kuona chinali chimenechi, sitampa ndi dzina langa. Kenako ankakweza maso n'kunena kuti Dyna, yambitsa nyimbo.

Ndawasowa. Lero ndiye ndawasowa kuposa tsiku la maliro. Amayinso, ndi lezala yawo, mwezi ndi mwezi. Ndinali wokonzeka kuwakwiyira, zikukanika.

Nthochi za achimwene zapsa zonse pakabati paja, zayamba mawanga. Sabata yathunthu ndikuziopa, kaya ndimati athiramo chiyani. Ndadya ziwiri.

Latsala funso limodzi, dzina la mwamuna amene anandibala. Amayi aang'ono akulidziwa, ndipo zaka 84 si zodikira. Nsapato ndavala, ndavulanso. Ndavala, ndavulanso. Ndikalidziwa ndikalilemba pati? M'bukumu malo ake mulibe.

Wina akutsegula geti. Ndi achimwene, wapansi, fumbi mpaka m'mawondo, chipewa m'manja. Ketulo ili pamoto kale. Ndiyambire pati kodi, ndingoti achimwene